Mapiritsi a m'Jekete la Malemu

Tukombo, 9 Januwale 2024

Wokondedwa mwana wanga Tamara,

Moni wochokera kuno kwanu. Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino ku Lilongweko. Kuno tilipo, koma ine mtima sukukhala pansi. Mvula ikangoyamba padenga ndimaganiza za iwe. Ambulera unagula? Nsapato zoyera zija sizikulowa madzi? Ndamva kuti ophunzira unamwino amawatuma kwa odwala chifuwa chachikulu alibe chotseka pakamwa. Ndi zoona? Undiuze, usandibisire.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni sindimasuka. Foni ndi ya bambo ako, ndipo ukaimba amaima pambali panga ngati aphunzitsi. Ndapatsira Sellina, uja amabwera ndi usipa kumsika kwanuko. Yankho umpatse yemweyo.

Chaka chisanathe tinali ku Kande kogawa katundu wa malemu a Mcdonald, akulu awo a bambo ako. Zinayenda bwino, kupatula pa wailesi pomwe panavuta pang'ono. Bambo ako anapatsidwa jekete lakuda lija la ku Joni. Lawakhala ngati telala anayeza iwo, ndipo Lamulungu analivala potsogolera nyimbo. Ndisanalichape ndinapisa m'thumba la mkati, n'kupezamo mapiritsi ambiri m'timapepala tija ta kuchipatala. Zolemba zake zinafufutika. Ndawathira m'botolo lija la uchi momwe ndimasungamo panado, kuopa chinyezi ndi mphemvu. Mankhwala satayidwa, mwana wanga, ndi odula masiku ano.

Nkhani yeniyeni ndi maondo a bambo ako. Akachoka kopalira chinangwa amakwera pakhonde ndi manja. Kuchipatala akukana, akuti mkulu wa mpingo sangakhale pa mzere chifukwa cha bondo. Ndiye iwe poti uli pakati pa mankhwala, titumizire amphamvu a maondo. Kuno anthu ayamba kale kunditchula kuti amayi a dokotala.

Ndine mayi ako,
Eliza


Lilongwe, 17 Januwale 2024

Ama,

Mwe uli? Ine nde umampha, ndili bwino ndithu. Kalata yanu yandipeza ikununkha usipa, moti anzanga m'chipinda muno anayamba kufunsa ngati mwatumiza ndiwo. Ulendo wina musaiwale kathumba, ndi ufa wa kondowole pang'ono. Nsima ya kuno imatha m'mimba usanatsuke mbale.

Musade nkhawa, chotseka pakamwa timavala. Inu Ama mukanakhala wailesi, bwenzi mukulengeza ngozi zokhazokha.

Auzeni anthu asiye za udokotalazo. Chaka choyamba chino ntchito yathu ndi kuyala mabedi, kusambitsa odwala, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuyeza kutentha kwa thupi ndi kuwerenga kugunda kwa mtima pa mkono. Jakisoni tikuphunzirira pa lalanje. Kabati ya mankhwala imakhala yokhoma, kiyi amayenda nayo a Sisitala m'thumba. Nditati nditengemo piritsi limodzi lokha, sukulu yathera pomwepo.

Ndipo ngakhale kabatiyo ikanakhala yanga, sindikanatumiza. Aphunzitsi athu, a Sisitala Kachale, amatiimbitsa zinthu zisanu tsiku lililonse ngati ana a Sande sukulu. Usanapereke mankhwala uzidzifunsa: kodi wodwala ndi yemweyu, mankhwala ndi omwewa, mlingo ndi womwewu, nthawi ndi yomweyi, nanga ndi akumwa kapena obaya? Chimodzi ukachikayikira, bweza dzanja. Tsono bondo lili ku Tukombo, ine ndili kuno. Ndingadziwe bwanji chimene chikulipweteka? Ada apite kuchipatala ku Chintheche akawaone. Muwauze kuti ndanena ine.

Ndathamanga, tili ndi mayeso Lachisanu.

Mwana wanu,
Tamara


Tukombo, 29 Januwale 2024

Tamara,

Moni. Ndamva zonse. Sindinadziwe kuti kupempha mankhwala kwa mwana wobala wekha ndi mlandu. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4 ku Thyolo, makolo anga asanabwere kuno kudzagwira ntchito ya mphira, ndiye zinthu zisanu zakozo sindizidziwa. Koma bambo ako ndawasamala zaka zonsezi popanda kiyi wa a Sisitala. Ndinawauza za ku Chintheche, iwo anangoti, "Mwanayu wayamba kulamula asanalandire ndi chipewa cha unamwino chomwe."

Poti iwe wakana, ndaona pochita. Ndinakumbuka kuti malemu a Mcdonald ankadandaula miyendo, mpaka chala chija chinachita bala losapola. Ndiye mapiritsi a m'jekete aja ndi a miyendo basi. Bondo si mwendo kodi? M'mawa uliwonse akamapita kumunda ndimawapatsa ndi madzi. Tsiku lina dzanja limatola panado, tsiku lina toyera tating'ono ta malemu. Tating'onoto ndimapereka tiwiri poti ndi tochepa thupi.

Koma kwabuka china chimene chikundisowetsa mtendere. Bambo ako asintha. Lachiwiri dzuwa litakwera ndinawapeza kumunda atakhala pa mzere wa chinangwa, khasu lili uko. Thukuta linali kamukamu koma thupi lozizira ngati nsomba. Manja akunjenjemera. Ndinati, "A Longwe, kwagwanji?" Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, n'kundikalipira kuti ndabisa bwato lawo. Bwato lake liti, poti anagulitsa iwe uli ku pulayimale? Kenaka anatola mango akugwa pansi, kudya atatu osasenda, ngati mwana. Patapita kanthawi anadzuka n'kumandifunsa chimene ndikulirira.

Dzulo ndiye zachitikira m'tchalitchi. Anaimirira kuwerenga zolengeza, bwinobwino m'jekete lawo. Pakati pake lilime linayamba kulemera. Anabwereza mzere umodzi katatu, kenaka anaseka, n'kukhala pansi pa simenti. Anyamata a kwaya anayamba kugwirana pakamwa. Atawatulutsa panja, a Enock Manda, mkulu mnzawo uja, ananena mokweza anthu onse akumva, "A Longwe, kachasu wa m'mawa ndi wa asodzi ochokera kunyanja. Ife a mpingo timadikira kumwamba." Amayi ena a Umanyano, gulu lija la amayi a mpingo, anawapatsa thobwa lomwe anabweretsera mwana, ndipo atamwa anatsitsimuka. A Enock anati, "Mwaona? Matsire amafuna chakumwa."

Tamara, bambo ako mowa sanaulawepo chikwatirane. Komabe ndanunkhiza malaya awo onse, ndafufuza m'khola la nkhuku ndi kuseri kwa bafa. Palibe botolo. Ndiye n'chiyani? Kapena ndi jeketeli? Akuchikazi a malemu ankalifuna, ndinawaona maso awo. Ndikuganiza zolitentha. Kapena ndi misala yoyamba ndi ukalamba? Ngati buku lanu lili ndi tsamba la zimenezi, undiwerengere, ngati nazonso si zokhoma.

Mayi ako,
Eliza


Tukombo, 7 Febuluwale 2024

Mwana wanga,

Moni. Kalata ija ya pa 29 ikadali kuno. Sellina sanayende chifukwa mvula sinakate, usipa sunaume. Lero ndiye akunyamuka, ndiye ulandira ziwiri pamodzi. Mawu ena m'kalata yoyambayo ndinalemba ndi mkwiyo, uwadumphe. Mayeso anayenda bwanji? Ukudya?

Usavutike kuimba foni. Chimphepo cha Loweruka chinagwetsa mapolo a magetsi, mudzi wonse palibe potchajira.

Kuno zinthu zaipiraipira. Mango atha m'mitengo. Shuga wasowa m'magolosale onse mpaka ku Kande, tiyi tikumwa wosathira. Ndipo bambo ako kugwa kuja kwachuluka. Lolemba anagwera panjira ya kudambo, anawadzutsa ndi amayi ogulitsa nthochi amene anawamvera chisoni n'kuwapatsa ziwiri. Dzulo anandiitana dzina la mayi awo. Ndikaona kuti afooka chonchi ndimawonjezera kapiritsi kena madzulo kuti mwina apeze mphamvu, koma sizikuthandiza.

Anthu akutinena. Kumjigo ndikafika nkhani imaduka. Akuti ndalama ya fizi yako ikuthera kwa mayi wophika kachasu kuseri kwa msika. Bambo ako akadutsa, anyamata okonza maukonde amayamba kuyenda mopepesuka, kuwayeserera. Munthu amene anawaphunzitsa katekisimu!

Tsono akulu a mpingo awaitana Lamulungu likubwerali tikaweruka, kuti akayankhe mlandu wa kuledzera. Akapezeka olakwa awachotsa pa ukulu ndi kuwaimitsa Mgonero. Iwo akuti sakatsutsana ndi munthu. Akuti asala kudya kuyambira Lachisanu m'mawa mpaka atatuluka m'bwalo la akuluwo, madzi okha, kuti Mulungu aonetse yekha choona. Ndinati, "Nanga mankhwala a maondo?" Anati mankhwala si chakudya, azimwa, kuti akathe kugwada popemphera.

Mwina kusalako kuthandiza. Koma ine sindikukhazikika. Ndikakhala pansi ndimadzuka, ndikadzuka ndimaiwala chimene ndadzukira. Jekete ndinalibisa m'thumba la ufa, iwo analipeza. Uwapempherere bambo ako. Ndipo undiyankhe, ngakhale mizere iwiri.

Mayi ako,
Eliza


Lilongwe, 8 Febuluwale 2024

Ama,

Werengani kalata ino musanachite china chilichonse.

MUSAWAPATSENSO ADA PIRITSI LILILONSE LA M'BOTOLO LIJA. Ngakhale looneka ngati panado. Ndipo ASASALE KUDYA. Ngati ayamba kale, adye pompano.

Ada sakumwa mowa, ndipo jekete lilibe kanthu. Ndikuganiza kuti a Mcdonald ankadwala matenda a shuga. Mukukumbuka ndili kwawo ku Kande pa holide, ankakana zakumwa zotsekemera, tiyi wawo ankawathirira payekha? Bala losapola lija ndi dzanzi la m'miyendo zimabwera ndi matenda amenewo. Mapiritsi awo sanali a miyendo, anali otsitsa shuga m'magazi. Munthu amene alibe matendawa akamwa, shuga wake amatsika kupitirira muyezo, makamaka akapita kumunda osadya. Ubongo umasowa chakudya. Ndiye thukuta lozizira lija, kunjenjemera, ukali, kulankhula ngati woledzera. N'chifukwa chake mango, thobwa ndi nthochi zinkawadzutsa. Akasala kudya n'kumwanso mapiritsiwo, akhoza kugona osadzukanso.

Sindinadzikhulupirire ndekha, ndinathamanga ndi makalata anu kwa a Sisitala Kachale. Anawerenga ataimirira. Akuti n'kutheka kuti ndi glibenclamide, koma chotsimikiza n'kuyeza magazi. Nazi zimene anena kuti muchite.

Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, apatseni chotsekemera msanga: madzi a shuga, uchi, thobwa, nthochi yakupsa, chilichonse. Kenaka adye chakudya chenicheni.

Ngati akomoka, musawathire madzi kapena phala m'kamwa, angatsamwe. Agonekeni chammbali. Nyowetsani shuga pang'ono pa chala, muwapake mkati mwa tsaya ndi pansi pa lilime. Kenaka thamangani nawo ku Chintheche.

Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, apitebe kuchipatala. Mankhwala amenewa amakhalitsa m'thupi, shuga akhoza kutsikanso. Botolo mupite nalo lonse, musatayepo kanthu, akaone okha.

Ndayesa foni ya Ada ndi manambala onse amene Sellina ali nawo, palibe ikulowa. Sellina wasiyira mnzake usipa wake wosagulitsa, akukwera basi yoyamba kubwerera. Mudzamuthokoze.

Ama, za mapiritsiwa munandiuza m'kalata yoyamba ija. Ine ndinawerenga mothamanga, ndinangoona za ambulera ndi nsapato n'kuseka. Ndinakulemberani zinthu zisanu koma botolo lenilenilo sindinalione. Ndiuzeni msanga zimene zachitika. Sindikutha kukhala m'kalasi.

Tamara


Chipatala cha Chintheche, 13 Febuluwale 2024

Wokondedwa mwana wanga Tamara,

Moni. Ndiyambe ndi chimene ukufuna kumva: bambo ako ali moyo. Pamene ndikulemba pano akhala pa bedi, akudya phala, akukangana ndi bambo wa bedi loyandikana za nyimbo ya nambala 40 kuti imayamba bwanji. Dzulo unawamva mawu pa foni ya anamwino, koma iwo anangokuuza kuti "ndili bwino" ngati mwa masiku onse. Zenizeni ndi izi.

Lachisanu m'mawa anamwa tiwiri tating'ono tija ndi madzi, kuchokera m'dzanja langali. Anavala jekete n'kupita kutchalitchi kukapemphera okha. Ine ndinatsala ndikusenda chinangwa choviika. Dzuwa lili pamutu ndinamva munthu akukuwa kuchokera kumsewu, "Anyina Tamara! Anyina Tamara!" Ndi Sellina, chitenje chili m'manja, nsapato imodzi yaduka. Anandipatsa kalata. Ukudziwa ine kuwerenga ndimachita kutsata ndi chala. Ndili pa mzere wachiwiri anandilanda n'kunena kuti, "Mayi, muwerenga mawa! Mwana wanu wandiuza zonse. Ali kuti bambo?"

Tinathamanga. Tinawapeza pakati pa mabenchi, atagwa chafufumimba, Baibulo lili pansi. Jekete lonse linali litanyowa. Ndinawaitana, osayankha, akungopuma mokoka. Ine ndinafuna kuwathira madzi m'kamwa, Sellina anandigwira dzanja. "Wati ayi! Wati chammbali!" Tinawatembenuza.

Tsono shuga tim'peza kuti, mudzi wonse mulibe? Nyumba yoyandikira tchalitchi ndi ya a Enock Manda. Tamara, ine pakhomo limenelo ndinalumbira kuti sindidzapondapo. Ndinalowa mpaka kukhitchini osaodira. A Enock anali pakhonde, anati, "Mayi Longwe, mlandu ndi wa Lamulungu, lero n'Lachisanu." Ine ndinati, "Lamulungu mukaweruza maliro. Ndipatseni shuga!" Akazi awo anadzuka pomwepo. Anatsegula sutikesi n'kutulutsa paketi imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Mzuzu, yosatsegula.

Ndinapaka m'tsaya monga unanenera. Shuga wina anathera pa ndevu. Ndinapakanso. A Enock anali atatitsatira, ataima pakhomo manja kumbuyo. Patapita nthawi, zikope zinayamba kugwedezeka. Kenaka bambo ako anatsegula maso n'kunena kuti, "Eliza, ukundidyetsa chiyani? Ndikusala." Ndinalira ndi kuseka nthawi imodzi.

Anayamba kukana zakuchipatala, koma miyendo inalibe mphamvu yokanira. Tinaitana njinga yamoto. Panafunika munthu wokhala kumbuyo kuti aziwagwira asagwe, ndipo mwamuna amene analipo ndi a Enock okha. Anakwera, kuwakumbatira m'chiuno, chibwano chili paphewa pa bambo ako, kuchokera ku Tukombo mpaka ku Chintheche. Ine ndi Sellina tinatsatira pa minibasi, botolo lili m'chitenje.

Kuno anawabaya chala n'kuyeza, namwino anati shuga ndi wotsika kwambiri, n'kuwaika diripi. Botolo analikhuthulira m'mbale yachitsulo n'kuyamba kusankha ngati mpunga. Munali mitundu inayi, mwana wanga. Ine ndinkaona iwiri. Anapezamo aja unalemba dzina lawo lovuta. Namwinoyo ndi mtsikana ngati iwe, sanandikalipire. Anangoti, "Amayi, mankhwala amakhala m'pepala lake, lokhala ndi dzina la mwini wake. Mwini wake akapita, mankhwala abwere kuno." Ndinayang'ana pansi. Loweruka shuga anatsikanso ali pa bedi pomwepo, monga unanenera. Tikanakhala kunyumba sindikudziwa.

A Enock sanabwerere tsiku lomwelo, anagona pa benchi panja. M'mawa analowa chipewa chili m'manja, anaima kumiyendo kwa bedi. Anati, "A Longwe, ndakununkhizani njira yonse, mphuno ili pakhosi panu. Ndinangomva sopo ndi thukuta." Bambo ako anati, "Ndiye mukanene zimenezo mokweza, monga munanenera za kachasu." Lamulungu akuti ananenadi, kutsogolo, asanayambe zolengeza. Paketi ya shuga ija akazi awo akana kuti ndibweze.

Ine tulo sindinayambebe kuliona bwino. Ndikatseka maso ndimaona dzanja langa likuwapatsa madzi ndi tiwiri tija. Ndimadzuka n'kuwagwira pa mkono pamene namwino amagwira, ngakhale sindidziwa chimene ndikuwerenga. Ukabwera pa holide udzandiphunzitse.

Akuti atitulutsa mawa. Bambo ako akufuna cholembera.

Mayi ako,
Eliza

NyaLongwe,

Yewu ukongwa, zikomo kwambiri. Bondo aliona. Ndinakhala pa mzere ngati wina aliyense, ndipo sindinafe nazo. Andipatsa mankhwala m'pepala lolembedwa dzina langa.

Akulu anzanga akufuna ndikafotokoze mumpingo chimene chinachitika, poti nyumba zambiri kuno zili ndi botolo ngati lathu. Ndikanena kuti ndinamwa mankhwala a mkulu wanga chifukwa ndinakana kupita kuchipatala. Mbali imeneyo ndi yanga. Amayi ako asamadziimbe mlandu okha, uwalembere zimenezo, ine sakundimvera.

Jekete ndilivalabe. Amayi ako alipisa m'matumba kanayi.

Akuti m'kalata ija sunayankhe za ambulera. Uziwayankha funso lililonse, mwana wanga. Ngakhale la ambulera.

Ada wako,
Overtoun Longwe